Anandiwombera Apongozi Akuonerera

Ine ndinafapo kamodzi. Zinachitikira m'paki ina kunja kwa mzinda wa Indianapolis, kuno ku America, dzuwa likuswa mtengo, ana akunyambita ayisikilimu, ndipo amene anandipha anali anzanga a gulu langa lomwe. Sindiwadandaula, mlandu ndinali nawo. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti pamzere woyamba wa anthu oonerera panakhala bambo amene ndinkafuna kuti andipatse mwana wa mlongo wawo.

M'zaka zimenezo, mafoni akadali opinda pakati aja, ndinkakhala ku South Bend. Ndinkagwira ntchito pachipatala china, yokankha odwala pamipando ya matayala kuwapititsa kojambulidwa ndi kuwabweza. Thupi linali ku South Bend koma mtima unali ku Beech Grove, pafupi ndi Indianapolis, kumene Tadala ankakhala ndi amalume ake, a Kachingwe. Makolo ake kumudzi anali atanena kale pafoni kuti nkhani ya ukwati ili m'manja mwa amalumewo: akati inde ndi inde, akati ayi ndikayang'ane kwina. A Kachingwe anali sajeni wopuma wa asilikali akwathu. Kuno ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba pamodzi ndi akazi awo, koma ankayendabe ngati ali pa perete, ndipo ndikukhulupirira kuti okalamba a kumeneko ankamwa mankhwala popanda kuwiringula.

Tsiku limene ndinapita kukaonekera, bamboyo anandipatsa moni n'kugwiritsitsa dzanja langa kanthawi, akulitembenuza ngati akusankha tomato. Manja anga anali ofewa ndi mafuta a kuchipatala. Kenako anafunsa kuti, "Munagwirapo mfuti, achimwene?"

Munthu wanzeru akanati ayi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinati ndili m'gulu lina la asilikali ku South Bend. Sikunali kunama (ndimakonda kutsindika pamenepa). Ndinangoiwala kuwonjezera kuti nkhondo imene gulu lathu linkamenya inatha zaka zoposa zana zapitazo.

Kuno kuli anthu akuluakulu, andevu zawo, amene Loweruka likafika amavala yunifolomu za nkhondo yapachiweniweni ya dziko lino, ija ya akumpoto ndi akummwera imene inathetsa ukapolo. Amakhoma matenti m'paki, kuphika nyemba pamoto, n'kumawomberana ndi mfuti za gogodela zothira wonga wokhawokha popanda chipolopolo. Akumpoto amavala za buluu, akummwera zotuwa. Ine anandikokeramo ndi a Marvin, bambo wachikuda wa konkuno amene tinkakankha naye odwala. Agogo a agogo awo anathawa ukapolo n'kulowa usilikali wa akumpoto, choncho kwa iwo nkhaniyi sinali yoseketsa ngakhale pang'ono. Gulu lawo linkasowa anthu, ine ndinkasowa chochita Loweruka, tinagwirizana.

Tsiku lija kwa a Kachingwe, Tadala anandiponda phazi kunsi kwa tebulo n'kufotokozera amalume ake zonsezi. Azakhali, akazi a bamboyo, anali atapita kukhitchini nthawi imeneyo, ndiye mayiwo anangomva za usilikali zokhazo, za sewero sanamve. Usungeni mutu umenewu, tiupeza kutsogolo.

Ndinayesa kudziwombola ponena kuti ngakhale ndi sewero, malamulo ake ndi enieni, a usilikali weniweni. A Kachingwe anati chabwino, akamva kuti tikusewera pafupi ndi Indianapolis adzabwera kudzaona malamulowo, ndipo yankho la nkhani ya Tadala lidikire tsiku limenelo. Ndinadiraiva ulendo wonse wobwerera ku South Bend ndikudzitukwana.

A Marvin atamva kuti kukubwera alendo anga anasangalala, n'kunena kuti andipatsa ntchito yaulemu, ya ulonda. Anandiphunzitsa m'makonde a chipatala, ndodo yokolopera ili mfuti. Mlonda, iwo anati, ndi khomo la msasa wonse. Munthu akamabwera umamuimitsa akadali patali. Akakhala ambiri, mmodzi yekha ndiye asendere, ena onse aime pomwepo. Wasenderayo anene mawu achinsinsi, ndipo anene motsitsa, oti amve ndiwe wekha. Mawuwo amasintha tsiku lililonse, amachokera kwa kaputeni, amayenda monong'onezana kuchoka khutu ili kupita khutu lina, ndipo salembedwa pena paliponse. Wopanda mawuwo sadutsa, angakhale kaputeni mwini wake, angakhale mayi ako okubala. Umamusunga pomwepo n'kuitana kopolo. Mfuti suyiika pansi. Pamalo pako suchoka. Kalelo wochoka pamalo ankatha kuwomberedwa ndi anzake omwe.

Panali lamulo linanso la sewero lenilenilo: ukafa, wafa. Sudzuka, sukanda poyabwa, mpaka lipenga litalira.

Ndinaloweza zonse. Ndinkaimitsa ngakhale firiji kunyumba kwanga. Pamene a Marvin ankanena za mayi okubala ndinagwedeza mutu mwamphamvu, chifukwa amayi anga anali kutali ku Malawi ndipo ndinkadziwa kuti sangatulukire pa Indiana.

Tsiku linafika. Kunatentha moti yunifolomu yaubweya ija inkandiluma paliponse, ndipo nsapato zake, zosasiyanitsa phazi lamanja ndi lamanzere, zinali zitayamba kale kundidya zidendene. Mamawa akuluakulu a magulu awiri anagwirizana kuti nkhondo ya anthu oonerera isanayambe, otuwa ayese kuzembera msasa wathu n'kuba mbendera. Akaiba, apambana, ndipo adzatiseka chaka chonse. Kopolo ananditengera ku kanjira kakuseri kwa msasa, kodutsa m'mitengo, n'kundinong'oneza mawu a tsikulo m'khutu. Anandiuza kuti mkati mwake, pafupi ndi matenti, aikanso mlonda wina.

Ndinakondwa ndi malowo. Oonerera ankalowera mbali ina, kutali, kumene kunali chingwe chowatchinga. Ndinaganiza kuti a Kachingwe akafika kumeneko adzauzidwa kuti mnyamata wawo ali pa ulonda, malo ovuta, ndipo adzandiona masana ndikuguba, thukuta lili kamukamu, mbendera ili bwinobwino.

Ndinaima. Ndinaimitsa gologolo mmodzi. Ndinaimitsa sajeni wathu amene anabwera dala kudzandiyesa, ndipo atanamizira kuiwala mawu ndinamusunga mpaka kopolo anabwera. Anandiyamikira. Mtima unakwera, ndinayamba kuganiza kuti mwina usilikali unali m'magazi, kungoti kwathu sanauone.

Kenako ndinamva Chichewa m'mitengo.

Anali mawu a azakhali, akudandaula kuti mapu amene bambo anasindikiza pa kompyuta awasocheretsa, apaka galimoto kolakwika. Patsogolo panali a Kachingwe, atavala jekete ndi tayi m'kutentha konseko. Pambuyo pawo Tadala ndi ambulera. Pambuyo pa Tadala azakhali, atasenza kulabokosi yaikulu ya zakudya pamutu, thawulo atalipinda ngati nkhata, pakati pa America. Ndipo pambuyo penipeni panali azungu atatu ovala ngati alimi akalekale, zipewa zaudzu, atanyamula mipando yopinda ya alendo anga, akumwetulira mwaulemu.

Ndinakweza mfuti. Mawu oimitsa munthu aja, amene firiji yanga inkawadziwa bwino, anatuluka ang'onoang'ono ngati ndikupempha mchere. A Kachingwe sanachepetse n'komwe liwiro.

Zimene zinachitika kenako sindinaziganize, thupi linangozichita lokha. Inu amene munaleredwa kwathu mukudziwa kuti mayi wamkulu sangakufike atasenza katundu iwe uli chilili, manja atagwira zina. Ndinatsamiritsa mfuti pamtengo. Ndinavula chipewa. Ndinathamanga chowerama, manja onse awiri patsogolo, ndikuti, "Ndilandire nawo, mayi." Ndinatula kulabokosi ija, kenako ndinanyonyomala n'kuyamba moni, mmodzimmodzi monga mwa ukulu: mwayenda bwanji, kunyumba mwasiyako bwanji, nanga kuntchito. Azungu aja nawonso ndinawapatsa moni wa m'manja, ndikuwathokoza kwambiri chifukwa chothandiza makolo anga. Mmodzi anati palibe vuto, ndi chisangalalo chawo. Ndinaona kuti akunena zoona.

"Kodi pamalo pano simufunsa kanthu?" anatero a Kachingwe.

"Aa, timafunsa, bambo, koma osati kwa akuluakulu ngati inu."

Anangoti, "Oho."

Apa m'pamene ndinakumbukira mlonda wachiwiri uja, mnyamata wa ku Elkhart wosadziwa kuseka. Ndinaona m'maganizo a Kachingwe ataimitsidwa ndi mfuti pachifuwa, tayi ili m'khosi, azakhali akuonerera, ndipo ndinadziwa kuti ukwati wanga ukathera pamenepo. Njira inali imodzi yokha, kuwapatsa mawu achinsinsi.

Koma mawuwo amayenda monong'ona. Tsono tandiuzani, ndi mkamwini uti, ngakhale wosalandiridwa kumene ngati ine, amene angasendeze mlomo wake pakhutu la apongozi? Kwathu ukakumana nawo panjira umapatuka n'kulowa patchire. Ndinayesa kusendera, miyendo inakana. Choncho ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, pamtunda waulemu, manja kumbuyo, maso pansi, n'kutchula mawuwo momveka bwino kuti wamkulu asavutike kufunsa kawiri. Ndinabwerezanso chifukwa cha azakhali.

Mlimi mmodzi anakhosomola. Panthawiyo ndinaganiza kuti ndi fumbi.

Ndipo poti mlendo sumangomulozera njira ndi chala, ndinanyamula kulabokosi ija n'kuwaperekeza. Tadala ankandiyang'ana ndi maso akuluakulu, akuloza ndi mlomo kumtengo kumene ndinasiya mfuti. Ine ndinamumwetulira, ndikuganiza kuti akunyadira. Tinadutsa mlonda wa ku Elkhart bwinobwino, aliyense akutchula mawu payekhapayekha, alimi aja momveka kuposa tonse. Ndinadutsitsa alendo anga pakati pa matenti mpaka kuchingwe cha oonerera, ndinawapezera mthunzi wabwino kutsogolo. Alimiwo anatula mipando, anavulira azakhali zipewa, n'kubwerera mumsasa mosafulumira. Ndinaona kuti atsala awiri, koma ndinali wotanganidwa ndi kutambasula mipando.

Pobwerera pamalo panga ndinapeza mtengo uli wokha.

Ndisanaganize n'komwe bodza loti ndinene, kumsasa kunabuka chikuwe cha otuwa, chija chokhala ngati agalu ndi atambala akuimbira limodzi. Ndinathamangira komweko. Alimi awiri aja anali atazula mbendera yathu. Wachitatu anali ataloza kaputeni wathu ndi mfuti, kaputeniyo ali pampando, kapu ya khofi m'manja. Mfutiyo ndinaizindikira msanga chifukwa lamba wake ndinasoka ndekha.

Ndiganizireni. Ine, mwana wa ku Africa, ndinali nditapereka chipambano kwa gulu lomenyera ukapolo, ndi manja awiri, ndikuwathokoza.

A Marvin sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa kuti gogo wawo uja anayenda wapansi, akubisala m'madambo, kuti akapatsidwe mfuti ngati imeneyo, ndipo ine ndaitsamiritsa pamtengo ngati khasu. Ndinachita manyazi enieni, osati a sewero. Ndinalakalaka nthaka ya Indiana itang'ambika.

Kaputeni, amene masiku ena onse anali mphunzitsi wa mbiri yakale, anaona mwayi. Anati poti zachitika, anthu oonerera aphunzirepo mmene ankalangira mlonda wothawa pamalo pake. Anandifunsa ngati ndikuvomera. Munthu amene wangotayitsa mbendera sakana kanthu.

Ng'oma inalira pang'onopang'ono. Anandiyendetsa kutsogolo kwa chingwe, kaputeni akufotokozera khamu lonse mlandu wanga pa chimkuzamawu, osasiyako ngakhale za kulabokosi. Anandikhazika pabokosi la mabisiketi, loimira bokosi la maliro. Asanandimange nsalu kumaso ndinaona a Kachingwe atakhala mowongoka pampando umene adani anawanyamulira, manja pamaondo. Tadala anali atabisa nkhope mu ambulera. Azakhali ankayang'ana uku ndi uku, akufunsa kuti kodi mwanayu akumupatsa mendulo. A Marvin ndi amene analamula owombera, ndipo ndinamva kuti mawu awo sakunjenjemera.

Mfuti zinalira. Ndinagwa chagada, ndipo ndinene mosadzitama kuti ndinagwa bwino. Ndinati mumtima, chinthu chimodzi chokha chimene chatsala kuti ndichite molongosoka lero ndi kufa, ndife ngati mwamuna mpaka lipenga.

Kenako kunamveka kulira. Osati kwa sewero, koma kuja kwa kwathu, kochokera m'mimba, kumene kumaimitsa anthu kumunda. Azakhali anali atalumpha chingwe. Ndinamva mapazi awo akubwera, akukuwa kuti amushuta, amushuta mwana waulemu, mwana amene wawalandira katundu. Anagwada pambali panga, anang'amba mabatani a yunifolomu (yobwereka) kufunafuna bala. Atalephera kulipeza anakumbukira maphunziro a kuntchito kwawo, anasanjikiza manja pachifuwa changa n'kuyamba kudinikiza. Mayi aja ali ndi mphamvu. Ndinapirira, ndikumva nthiti zikudandaula, ndikuti lipenga lili pafupi.

Ndiye anasiya, anandichotsa nsalu kumaso, n'kuitana ndi mawu osweka: "Mwana wanga, tandiyankha. Ukundimva?"

Wamkulu akakuitana umayankha. Mtembo unadzuka, unakhala tsonga, n'kunena kuti, "Wawa, mayi."

Khamu linawomba m'manja kwambiri, ena ankaganiza kuti zinali m'pulogalamu. A Marvin anavula chipewa n'kudziphimba nacho kumaso, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena ankalira. Azakhali atazindikira kuti ndili moyo anandimenya kambama paphewa chifukwa chowaopseza, kenako anatembenukira owombera aja n'kuwalalatira m'zilankhulo ziwiri.

Nkhondo ya masana inachitika popanda ine, poti ndinali wakufa. Ndinakhala pansi pamtengo ndi alendo anga, pa udzu, chapatali pang'ono ndi mipando. Kulabokosi inatsegulidwa. Munali mpunga, nkhuku yokazinga ndi mandasi, koma ine sindinakhudzeko kanthu. Tadala sankandiyang'ana. Ndinkadziwa kuti ndamutaya, ndipo mtima unkandipweteka kuposa nthiti. A Kachingwe anadya akuonerera utsi wa mizinga, mpaka anamaliza fupa lomaliza n'kupukuta manja.

"Anyamata atatu aja," anatero, osandiyang'ana, "ndinawaona kopaka magalimoto akuvula majekete otuwa kuseri kwa thiraki. Ndinawaitana ndine kuti atinyamulire mipando."

Azakhali anasiya kutafuna. Ine ndinalimba mtima n'kufunsa kuti, nanga bambo, ndikanatani?

"Mukanandiloza ndi mfuti pamaso pa akazi anga, bwenzi pano mukudiraiva kubwerera ku South Bend nokha, osadzapondanso pakhomo panga."

"Ndiye ndachita bwino?"

"Mwachita zamanyazi. Zaka zonse zimene ndinakhala ku usilikali sindinaonepo mlonda wachabechabe ngati inu. Ndikanakhala ine kaputeni, ndikanathiramo chipolopolo."

Ndinaweramitsa mutu. Anatsegula Fanta, anamwa pang'ono, n'kupitiriza ngati akunena za nyengo.

"Koma msilikali pabanja pano alipo kale, ndipo mmodzi akukwana. Uzani akwanu atumize ankhoswe."

Tadala anatulutsa mpweya umene ndikuganiza anausunga kuyambira m'mitengo muja. Azakhali anayamba nthungululu, n'kuidula pakati atakumbukira kuti tili pakati pa azungu. Ine ndinawomba m'manja mwaulemu, ndikuthokoza, ndipo panatenga ulendo wonse wobwerera ku South Bend kuti ndimvetse chimene ndinathokozacho. Bamboyo sanapeze mwamuna wolimba woteteza mwana wa mlongo wake. Anapeza khomo limene silidzamutsekera.

Lolemba ndinapepesa a Marvin m'chikepe cha chipatala, wodwala ali pakati pathu akumvetsera. Anandikhululukira, koma mfuti sanandipatsenso. Anandiika kophika nyemba, kumene ndinatumikira mokhulupirika mpaka pamene ndinasamukira ku Indianapolis.

Tinakwatirana, tinapeza kanyumba ku Beech Grove komweko, misewu ingapo kuchokera kwa a Kachingwe (anatipezera ndi iwo). Chitseko cha galaja yake chimatsegulidwa ndi manambala achinsinsi. Tsiku losamuka Tadala anandikhazika pansi n'kundiuza kuti manambalawo ndi a anthu awiri okha, iye ndi ine, ndipo ndinalumbira. Loweruka lotsatira ndikutchetcha kapinga, galimoto ya a Kachingwe inaima pamsewu. Anatsika, anayang'ana chitseko cha galaja, anayang'ana ine, n'kufunsa ngati pamafunika kudinapo kanthu.

Ndinazimitsa makina, ndinavula chipewa, ndinabwerera m'mbuyo pang'ono pamtunda waulemu, n'kutchula manambala onse momveka bwino. Mzungu woyandikana nafe, amene ankathirira maluwa, anandiimikira dzanja kuti nayenso wamva.